Kutsata mapazi a John Bidwell, kuchoka ku Sacramento mpaka ku Chico

Lachitatu, Sacramento

Abale ndafika bwino. Ndagona kwa asisi ku Sacramento ndipo mawa m'mawa ndikwera basi yolowera kumpoto, ku katauni kotchedwa Chico. Asisi sakumvetsa kuti munthu wabwera mpaka ku California nde osapita ku San Francisco kukajambulitsa pa mlatho wofiira uja, akuti ku Chico kulibe kanthu, minda yokhayokha. Ine minda yomweyo nde ndikuifuna, chifukwa nkhani ya mzungu amene anaiyambitsa, John Bidwell, yakhala ikundizunguza mutu. Munthu wa sitolo ndi famu amene mu 1849 anakalowa m'nyumba ya malamulo yoyamba ya California, nkukakhala nawo pokonza malamulo okhudza anthu omwewo amene ankamugwirira ntchito.

Lero ndayambira pa Sutter's Fort, linga lakale la makoma oyera lomwe panopa lazunguliridwa ndi nyumba za anthu komanso chipatala. Polowa ndi madola 5. Kunatentha ndithu ngakhale uno ndi Okutobala, ndipo mkati munali ana asukulu ambirimbiri atavala zovala zamakedzana, ena akupanga makandulo. Apa ndi pomwe Bidwell anapeza ntchito atangofika kumene. Iyeyu anabadwa mu 1819 ku steti ya New York, anakakhala mphunzitsi ku Missouri ndipo anali ndi kamalo kake komweko, koma atachokapo kupita ku St. Louis kukagula zinthu, pobwera anapeza munthu wina wakhalapo, ndipo poti anali asanakwane zaka 21 lamulo silinamuthandize. Nde mu Meyi 1841 analowa m'gulu loyamba la anthu osamuka amene anayesa kupita ku California pa ngolo, nthawi imeneyo California ali m'manja mwa Mexico. Njira sankaidziwa. Atafika ku Soda Springs gulu linagawanika, ena nkulowera ku Oregon, iwowa anthu 30 ndi kena anapitirira okha opanda wowatsogolera, ngolo anazisiya m'chipululu, anadya ng'ombe zawo mpaka kutha kenako nkuyamba nyulu, ndipo anafika pa famu ya John Marsh pa 4 Novembala. M'gulumo munali mayi mmodzi yekha, Nancy Kelsey, ali ndi mwana wakhanda m'manja. Ine nkhani ya mayi ameneyu ikandifikira ndimangoti kalanga.

Kwa John Sutter, mwini lingali, Bidwell anali kalaliki komanso munthu wodalirika wotumidwa ntchito zolemetsa. Sutter atagula katundu wa anthu aku Russia ku Fort Ross, woyang'anira kusamutsako anali iyeyu. Ndipo mu 1847 ndi iye amene analemba mgwirizano wa Sutter ndi James Marshall womanga malo ochekera matabwa ku Coloma, pomwe golide anadzapezeka mu Januwale 1848. M'kachipinda kena muli tebulo, buku la maakaunti ndi cholembera cha nthenga, ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka ana aja anandidutsa onse.

Ku nyumba ya malamulo ya pano sindinapiteko. Bidwell sanakhalemo, nthawi yake aphungu ankakumana ku San Jose, Sacramento inadzakhala likulu mu 1854.

Madzulo asisi aphika nsima ya ufa wa ku shopu ya anthu aku Mexico ndi nkhuku, akuti idya kwambiri m'bale wanga kuti kumene ukupitako ukangodya buledi.

Lachinayi, msewu wa ku Chico

Basi inachedwa pafupifupi ola lathunthu ndipo palibe anabwera kudzatiuza chifukwa chake, tinangokhala pa benchi kuyang'anizana. Tikiti ndinagula madola 24. Sitima yopita kumpoto imaima ku Chico koma imafikako pakati pa usiku, ine ndinaopa kutsika ndekha mumdima malo osawadziwa.

Pa benchipo ndinakhala ndi amayi ena achikulire achi Punjabi, amapita ku Yuba City komwe anthu a kwawo, ma Sikh, alipo ambiri ndipo ali ndi minda ya mapichesi. Anandiyang'ana nkufunsa ngati ndadya, ndisanayankhe nkomwe atulutsa kale chapati chokhala ndi mbatatesi mkati chokulunga mu foilo, chotenthabe. Akuti mwanawanga ulendo sayenda ndi njala. Anatsika pa Marysville mwana wawo akuwadikira ndi galimoto, anandibayibitsa mpaka basi kunyamuka.

Marysville ndi tauni yodabwitsa, yazunguliridwa ndi zimilambala zadothi zazitali moti ukamalowa mitsinje suiona, umangoona khoma la udzu. Chifukwa chake ndi golide yemweyo. Anthu atatha kutola wa m'mitsinje, makampani anayamba kugumula mapiri ndi mapaipi a madzi amphamvu, matope ndi miyala zonse nkumatsikira mu Yuba ndi Feather mpaka mitsinje kukwera, madzi nkumasefukira m'minda ndi m'matauni. Khoti linadzaletsa zimenezi mu 1884. Bidwell, amene chuma chake chinayambira pa golide, nthawi imeneyo anali mlimi wamkulu ndipo anali mbali ya alimi yolimbana ndi makampaniwo. Kufupi ndi pano ndi pomwenso panali Hock Farm, famu ya Sutter yomwe iye anayang'anirapo ali mnyamata.

Kuchoka apo ndi minda ya mpunga yokhayokha, yosalala mpaka diso kutopa, makina akukolola fumbi lili koboo, ndipo kumanzere kuli timapiri ta Sutter Buttes tangoima tokha pakati pa chigwa. Kenako minda ya ma walnut. Ndinaona thirakitala ikugwira thunthu la mtengo nkuligwedeza mtedza wonse nkugwa kamodzi, ndinadzuka pampando kuti ndionetsetse. Bidwell dera lino analiona koyamba mu 1843 akuthamangitsa anthu amene anatenga ziweto, anaona mitengo ikuluikulu, udzu ndi kamtsinje koyera ka Chico nkutsimikiza kuti adzabweranso.

Ndafika ku Chico chakumadzulo. Motelo madola 89 usiku umodzi kuphatikiza msonkho, ndalama imeneyi yandipweteka koma ndi yotchipa pa onse amene ndinawapeza. Chakudya ndagula pa kagalimoto kogulitsa ma taco, atatu madola 9, a nyama ya ng'ombe ndi anyezi ndi tsabola wowawa bwino. Pobwerera msewu wina unalibe magetsi ndipo galu anauwa kuseri kwa mpanda, mtima unagunda zedi, ndinayenda chothamanga mpaka pa chitseko. Ndatopa, miyendo ikuwawa.

Lachisanu, Oroville

Ndinadzuka m'mamawa kukwera basi ya B-Line yopita ku Oroville, mtengo wake sufika madola 3, ulendo wa mphindi ngati 40. M'basi munali anthu opita kuntchito ndi ophunzira, aliyense ali duu ndi kapu ya khofi.

Vuto linali loti kuchoka m'tauni kukafika ku damu la Oroville ndi mtunda wokwera ndipo sindinapeze basi ya nthawi imeneyo. Ndinalowa m'kashopu ka pa filling station kukafunsa, abambo ena achikulire amene amagula nyambo ya nsomba anamva nkuti tiyeni, ndikulowera komweko. Pickup yawo imakoka boti. Ndinazengereza pang'ono, kukwera galimoto ya munthu wosamudziwa kuno sizachizolowezi, ndinatumiza nambala ya galimoto kwa asisi nkukwera. Anali munthu wabwino kwambiri. Anandiuza za Febuluwale 2017 pamene njira yotayira madzi ya damu inaonongeka ndipo anthu oposa 180,000 anauzidwa kuti athawe tsiku lomwelo, akuti iwo anakhala pamsewu usiku wonse ndi akazi awo ndi agalu awiri, magalimoto osasuntha.

Damu la Oroville linatha kumangidwa mu 1968 ndipo ndi lalitali kuposa onse mu America, mamita pafupifupi 235. Ukaima pamwamba nkuyang'ana pansi mawondo amalobodoka. Abambo aja anandilozera mbali ina ya nyanja nkuti Bidwell's Bar ili apo, pansi pa madzi. Palibe choona, madzi basi ndi maboti okhala ngati tinyumba.

Pamenepo nde panayambira chuma chonse. Bidwell atamva za golide anapita ku Coloma kukaona yekha, anayang'ana mtundu wa miyala ndi mchenga nkuzindikira kuti ku mtsinje wa Feather kulinso zofanana, ndipo pakati pa 1848 anampezadi. Anabwera ndi anthu a mtundu wa Mechoopda, eni dziko amene azungu anawapeza kuno, ndi eni dera ena kuti azimukumbira ndi kutsuka mchenga, malipiro ake nsalu, mikanda, mabulangete, shuga. Kenako anatsegula sitolo pompo. Apa ndi pamene mutu wa munthuyu umaonekera, chifukwa anthu masauzande amene anakhamukira kuno ambiri anabwerera chimanjamanja, koma aliyense wa iwo tsiku lililonse ankafuna ufa, nyemba, fosholo, nsapato, ndipo wogulitsa ndi amene ankaika mtengo. Golide wokumba yekha ndi golide wolowa pa kauntala, zonse zinkathera m'thumba limodzi. Sanachedwepo, anatenga ndalamazo nkugula Rancho Arroyo Chico m'magawo awiri, 1849 ndi 1851, maekala opitirira 22,000.

Tauni yomwe inamera pa Bidwell's Bar inakhalapo likulu la Butte County, chigawo chomwe muli Chico ndi Oroville, kuyambira 1853 mpaka 1856, golide atachepa anthu nkusamukira ku Oroville. Zinthu ziwiri anazipulumutsa madzi asanadzaze. Mlatho wolenjekeka pa zingwe zachitsulo, woyamba wa mtundu umenewu mu California, anauphwasula nkukaumanganso chapamtunda ndipo ndayendapo lero, matabwa ake amalira pang'ono. Chinacho ndi mtengo wa malalanje wobzalidwa mu 1856 umene amautcha Mother Orange Tree, ulipobe ndipo umabereka.

Abambo aja sanalole kuti ndibwerere wapansi, anasiya kaye zopha nsomba nkunditsitsira m'tauni. Ndinafuna kuwapatsa ya mafuta anakana, akuti mukadye nkhomaliro. Ananditula pa malo oswetsera nsomba a mtsinje wa Feather pomwe kulowa ndi ulele, ndipo nyengo ino nsomba za salmon zikubwera kuchokera kunyanja yaikulu kudzaikira mazira. Pali mawindo agalasi, umaziona zikulimbana ndi madzi, zina zazikulu ngati mwendo wa munthu, zokalipa ndi mabala. Damu linazitsekera njira ya kumtunda nde zimathera apa. Anthu a Maidu, omwe a Mechoopda ndi nthambi yawo, nsomba zimenezi zinali chakudya chawo chachikulu pamodzi ndi mtedza wa mitengo ya oak.

Nkhomaliro inali burger ndi chipisi madola 14. Ndinagona m'basi pobwerera.

Loweruka, Chico

Msika wa alimi umachitika Loweruka lililonse m'mawa pakati pa tauni, pa malo oimika magalimoto. Makangaza, maapulo, ma walnut atsopano, ma almond, uchi, buledi. Koma ine ndinaima pa tebulo la amayi achi Hmong chifukwa panali therere, bonongwe ndi nsonga za nkhwani zomanga m'mitolo, madola 3 mtolo. Anadabwa kuti ndikuzidziwa, anandifunsa kuti kwanu mumaphika bwanji, nditawauza zotendera anaseka nkuitana mnzawo kuti amve. Ndinagula therere loti ndikapatse asisi, iwo nkuonjezera tsabola wodzaza dzanja osalipiritsa.

Kuchoka apo ndi mphindi zochepa wapansi kukafika pa nyumba ya Bidwell, pa msewu wa Esplanade m'mbali mwa yunivesite ya Chico State. Ndinkadziwa kale kuti inapsa koma kuiona ndi maso ndi zina. Inali nyumba ya nsanjika zitatu, zipinda 26, ya pinki, yomangidwa kuyambira 1865 mpaka 1868. Munthu wina anaiyatsa dala usiku wa pa 11 Disembala 2024 ikukonzedwa, mwamwayi katundu wina wakale anali atachotsedwamo chifukwa cha ntchitoyo. Panopa pali mpanda wa waya, kuseri kwake njerwa zakuda ndi mitengo ikuluikulu yomwe eni ake anabzala. Agogo ena aakazi anaima pafupi nane nkundiuza kuti anabwera koyamba ali mwana wasukulu, kenako anabweretsa ana awo, kenako zidzukulu, mawu anawathera pakhosi.

Ndinakhala pa benchi pansi pa mtengo ndi buledi wa ku msika uja, ndipo apa mundilole ndifotokoze zomwe zinandibweretsa. Chakumapeto kwa 1849 Bidwell anasankhidwa kukhala senetala wa chigawo cha Sacramento, ali ndi zaka 30. Nyumba ya malamulo inakumana ku San Jose mu Disembala chaka chomwecho, California asanalandiridwe nkomwe ngati steti, zimenezo zinadzachitika pa 9 Seputembala 1850. Anthu amenewa ankayamba pa ziro, makhoti, misonkho, malire a ma county, zonse. Ndipo ambiri mwa iwo anali ngati iyeyu, amalonda ndi eni malo amene anafika dzulodzulo. Funso limodzi lalikulu linali loti eni dziko atani nawo.

Bidwell analemba bilu yake. Mmenemo munali zoti eni dziko apitirize kukhala m'midzi yawo, kusaka, kupha nsomba ndi kutola mtedza, komanso kuti pakhale oweruza a nkhani zawo amene amuna a m'midzimo azitenga nawo mbali posankha. Pa nthawi imeneyo zinali zachilendo kumva mzungu akunena zotere. Koma bilu yomweyo inalinso ndi njira zoti mzungu azitha kusunga ana a eni dziko ndi kugwiritsa ntchito akuluakulu, ndipo wolembayo anali munthu amene famu yake sikanayenda popanda manja amenewo. Bilu yake sinadutse. Lomwe linadutsa mu Epulo 1850 linali lamulo lina, dzina lake lonena za kuteteza eni dziko, koma zabwino zija zitachotsedwa zambiri. Pa lamulo limenelo mwini dziko wopezeka akungoyendayenda ankatha kumangidwa nkuperekedwa kwa wolipira ndalama zambiri kuti amugwirire ntchito mpaka miyezi inayi, ana ankatengedwa kukakhala antchito m'nyumba za azungu, ndipo mzungu sankapezeka wolakwa pa umboni wa mwini dziko. Kuba ana nkumawagulitsa kunasanduka bizinesi. Mu 2019 bwanamkubwa Gavin Newsom anapepesa m'malo mwa boma la California pa zomwe zinachitikira anthuwa.

Ine ndimaona kuti Bidwell anali wofatsa kuposa anzake ambiri a m'nyumba imeneyo, ndipo zimenezo sindizichepetsa chifukwa nthawi imeneyo kufatsa kwa bwana mmodzi kunkatanthauza moyo wa mudzi wonse. Koma chikundiwawa nchakuti ngakhale wofatsayo sanaganizepo zoti nthakayo ndi ya eni ake. Ankafuna atetezedwe, inde, koma atetezedwe ali pa famu yake akumulimira tirigu.

Mu Seneti sanakhalitse, anatuluka mu 1851 nkubwerera ku bizinesi. Chigayo cha tirigu, sitolo, hotelo, minda ya zipatso, ng'ombe ndi nkhosa. Mu 1860 anajambula tauni ya Chico pa malo ake, nkumapereka mapuloti ulele kwa matchalitchi, masukulu ndi anthu ofuna kumanga, nzeru ya munthu wamalonda imeneyo poti sitolo imafuna makasitomala. Anatsegula msewu wa ngolo wodutsa m'mapiri wolowera ku migodi ya Nevada ndi Idaho kuti ufa wake uzikafika kumeneko. Anakakhala phungu ku Congress ku Washington kuyambira 1865 mpaka 1867, komwe anakumana ndi Annie Kennedy, ndipo pa ukwati wawo mu 1868 panabwera Pulezidenti Andrew Johnson ndi mkulu wa asilikali Ulysses Grant. Mu 1887 anapereka maekala 8 a munda wake wa ma cherry kuti pamangidwe sukulu ya aphunzitsi, ndiyo yunivesite ili apayi, ophunzira ake amangodutsa pa njinga pamaso panga.

Usiku phokoso la ophunzira m'tauni linali lalikulu, ndinagula mpunga ndi nkhuku wa madola 12 nkukadyera m'chipinda.

Lamulungu, Chico

Ndinapemphera nawo ku tchalitchi cha Presbyterian cha pakati pa tauni chomwe chili ndi dzina la Bidwell. Annie anali wa mpingo umenewu ndipo anali wolimba pa chikhulupiriro, mowa sankaufuna ngakhale pang'ono, mwamuna wake anafika pozula mphesa zake zonse zopangira vinyo. Anaimapo pa ubwanamkubwa mu 1875 ndi 1890 osapambana, ndipo mu 1892 anaimira chipani choletsa mowa pa upulezidenti wa dziko lonse nkupeza mavoti oposa 270,000, ochuluka kuposa wina aliyense amene anaimirapo chipani chimenecho. Banjali linkafunanso kuti amayi azivota, Susan B. Anthony, mtsogoleri wa amayi omenyera ufulu wovota, anagonapo m'nyumba yapsa ija. Titaweruka banja lina linandipatsa khofi ndi keke nkundifunsa ngati ndili ndi pogona.

Masana ndinayenda wapansi kupita ku West Sacramento Avenue. Kumeneku nde kunasamutsidwira mudzi wa a Mechoopda mu 1868, poyamba unali kufupi ndi nyumba ya bwana. Lero ndi ma flat a ophunzira, mabini, magalimoto, ndipo pakati pake pali manda awo otchingidwa ndi mpanda. Sindinalowe, si manda a kwathu, ndinangoima panja.

Mu Ogasiti 1851 pa famu ya Bidwell panasainidwa pangano pakati pa boma la America ndi mafumu a dera lino, lowalonjeza malo awoawo. Linali limodzi mwa mapangano 18 a mu California, ndipo Seneti ya ku Washington inawakana onse mu 1852 nkuwabisa mpaka 1905, eni ake osauzidwa. Kenako 1863. Ana ena a azungu ataphedwa m'derali, azungu anakwiya nkulamula kuti eni dziko onse achotsedwe, ena nkumamunena Bidwell kuti akubisa adani pa famu yake. Asilikali anasonkhanitsa anthu pa kampu ya pano pa Chico ndipo mu Seputembala ananyamuka ndi anthu 461 wapansi kudutsa mapiri kupita ku Round Valley, mtunda wa makilomita ngati 160, ambiri akudwala malungo. Anakafika 277. Mudzi wa pa famu ya Bidwell sunathe, anthu anapitiriza kukhalapo, ndipo nchifukwa chake ena amati anawapulumutsa.

Nditaima pa mpandapo ndinakumbuka za thangata zomwe agogo ankatiuza ku Thyolo, kukhala pa nthaka ya makolo ako koma mwini wake pa pepala ndi wa esiteti, ndipo kuti usathamangitsidwe uyenera kumugwirira ntchito. Sizofanana ndendende, kuno Bidwell ankalipira ndipo kunja kwa famu yake kunali imfa yeniyeni, koma mtima wa munthu wokhala chonchi ndikuudziwa. Annie anawatsegulira sukulu ndi tchalitchi, anawaphunzitsa kusoka ndi kuwerenga, panali mpaka bandi ya malipenga, komanso ankalimbana ndi magule ndi miyambo yawo kuti zithe. Boma linadzawachotsa pa mndandanda wa mitundu yovomerezeka mu 1967, malo a mudziwo nkutayika, ndipo anamenyera nkhondo m'makhoti mpaka kubwezeretsedwa mu 1992. Mu 2022 yunivesite inawabwezera maekala 93 m'mbali mwa Butte Creek. Alipo, ali ndi maofesi awo m'tauni muno, akuphunzitsa ana awo chilankhulo.

Chakumadzulo ndinalowa mu Bidwell Park kuti mutu upepuke. Malowa Annie anawapereka kwa mzinda mu 1905, nkuika lamulo loti musamalowe mowa kapena kusaka, ndipo panopa ndi maekala opitirira 3,600, kuyambira m'tauni mpaka kumapiri. Pa One Mile anatchinga kamtsinje nkupanga dziwe losambira laulele, ndinaviika mapazi, madzi ozizira mpaka m'mafupa. Kumtunda kwa paki sindinapite, chikwangwani cha njoka za rattlesnake chinandikwanira, komanso kumeneko nde kunayambira moto waukulu wa Julayi 2024 umene unatentha maekala opitirira 400,000.

Lolemba, Chico

Ndisanakwere basi ndinadutsa pa manda a mzinda ku Mangrove Avenue. Bidwell anamwalira pa 4 Epulo 1900 atadwala mwadzidzidzi akugwira ntchito pa famu yake, ali ndi zaka 80, Annie mu 1918. Ana analibe, ndipo famu ija inagulitsidwa zidutswazidutswa. Wosesa pamandapo ndi amene anandilozera, ndikanazungulira mpaka basi kundisiya.

Chatsala ndi Round Valley. Chaka chilichonse mu Seputembala zidzukulu za anthu 461 aja zimayenda njira yomweyo wapansi kuchoka ku Chico mpaka ku Covelo, katauni ka ku Round Valley, mwambowu unayamba mu 1996, ine ndafika utadutsa kale. Ndafunsa pa depoti, basi yopita kumeneko kuchokera kuno kulibe. Abambo ena amene timadikira limodzi akuti msewu wodutsa pa Mendocino Pass mbali yaikulu ndi wafumbi, netiweki imasowa, ndipo chipale chikayamba kugwa sudutsika, nde ngati ndikufuna ndipite mwezi uno usanathe, ndi galimoto yokwera bwino, madzi akumwa ambiri ndi tayala lapadera. Ndawaimbira alamu, avomera kuti tipite limodzi Loweruka likubwerali pa galimoto yawo bola mafuta ndigule ine, ndipo galoni kuno ikuyandikira madola 5. Basi yafika, ndilembanso tikakafika ku Covelo.